Ku Quelimane, Kwawo kwa Kokonati

Munthu wa ku Blantyre amene akufuna kuona kokonati ali mumtengo wake safunika kukwera ndege. Msewu wake ndi womwewu wa ku Thyolo ndi Mulanje, wodutsa m'minda ya tiyi mpaka pachipata cha Muloza. Mukangowoloka mlatho mwalowa m'dziko la Mozambique, m'tauni ya Milange, kumene ogulitsa malonda amakuyankhanibe m'Chichewa. Kuchoka pamenepo kukafika ku Mocuba, m'mbali mwa mtsinje wa Licungo, ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo mtunda wonsewo mumangotsika pang'onopang'ono, mapiri akutsalira m'mbuyo, kutentha kukuwonjezeka. Pa Mocuba mumakhotera kummwera mpaka pa Nicoadala, pamene pali zinanazi zotsekemera zoti simungapadutse osagula. Mukasiya msewu waukulu pamenepo n'kuloza kunyanja, dziko limasanduka lathyathyathya ngati lichero. Uku ndi uku ndi madambo a mpunga, ndipo pamwamba pa madambowo, pamwamba pa nyumba, pamwamba pa chilichonse, pamayamba kuoneka mitengo yaitali yowerama pang'ono, masamba ake ali yakwiyakwi ndi mphepo.

Quelimane ndi likulu la chigawo cha Zambézia. Mzindawu uli m'mbali mwa mtsinje waukulu wamatope umene Vasco da Gama anaupatsa dzina loti Rio dos Bons Sinais, kutanthauza mtsinje wa zizindikiro zabwino, atafikapo mu 1498 akufunafuna njira ya ku India. Kunonso ndi kumene David Livingstone anatsirizira ulendo wake wodula Africa pakati mu 1856. Ambiri a ife tinalimva bwino dzina la mzindawu mu March 2023, chifukwa namondwe wa Freddy anatera pafupi ndi kuno asanakwere kudzagumula mapiri a kwathu ku Soche, Mulanje ndi Phalombe. Chinenero cha eni dera ndi Chichuwabo, ndipo m'maofesi ndi m'masitolo mumamveka Chipwitikizi. Chimene chimayamba kumudabwitsa mlendo ndi njinga. Kabaza wa kwathu ndi wamng'ono poyerekeza ndi wa kuno. M'mawa misewu imadzaza ndi njinga zonyamula ana asukulu, aphunzitsi, amayi a madengu, matumba a makala ndi milu ya kokonati yomangidwa ndi malegeni.

Mitengo yambiri ya kuno inabzalidwa ndi cholinga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, boma la Apwitikizi linapereka madera akuluakulu a Zambézia kwa makampani monga Boror ndi Madal, ndipo makampaniwo anabzala mitengo ya kokonati yofika mamiliyoni. Munda wa Boror unkatchulidwa pakati pa minda ya kokonati ikuluikulu padziko lonse. Chimene ankafuna chinali kopra, ndiye kuti mnofu woyera wa m'kati mwa kokonati wouma padzuwa kapena pamoto, umene unkapakiridwa m'sitima kupita ku Ulaya kukayengedwa mafuta opangira sopo ndi majarini. Ntchitoyo inali yokakamiza, yofanana ndi thangata amene makolo athu anamudziwa m'minda ya azungu ku Thyolo ndi Chiradzulu. Misonkho ndi ntchito yokakamiza ya m'nthawi imeneyo ndi zina mwa zimene zinachititsa Alomwe ambiri kuwoloka malire n'kudzakhazikika kwathu kuno.

Lero mukamayenda pamsewu wopita kugombe la Zalala mumaona chinthu chomvetsa chisoni. Pakati pa mitengo yamoyo pali mizati yambirimbiri yopanda mutu, itangoti njo ngati mapolo a magetsi amene sanaikidwe mawaya. Ndi matenda ofalitsidwa ndi tizilombo toyamwa masamba. Zipatso zimayamba kuyoyoka zisanakhwime, masamba amasanduka achikasu kuyambira m'munsi, kenako nsonga imafa n'kugwa. Chithunthu chotsalacho chimasanduka chisa cha zikumbu zikuluzikulu za nyanga imodzi, zimene zimakaboolanso mitengo ing'onoing'ono. Pakati pa 2008 ndi 2013 panali ntchito yothandizidwa ndi boma la America yodula mitengo yodwala ndi kugawa mbande zatsopano. Koma kokonati si chimanga. Mtengo wamtali umatenga zaka zisanu kapena kuposerapo usanayambe kubereka, ndipo banja limene mitengo yake inafa linataya fizi, ndiwo, denga ndi nkhuni nthawi imodzi.

Kukhitchini

Kuti mumvetse kokonati muyenera kukhala pansi kuseri kwa nyumba madzulo, nthawi imene amayi akukonza chakudya. Nyumba iliyonse ili ndi kampando kakafupi kokhala ndi chitsulo chamanomano kutsogolo kwake. Kumpoto, kugombe la Aswahili, kampando kameneka amakatcha mbuzi, ndipo mukakaona mmene kamaimira ndi khosi lake lotulukira kunja simungatsutse. Mayi amaswa kokonati pakati ndi kumbuyo kwa chikwanje, amakhala pakampandoko n'kumapala chibanthucho pachitsulo mpaka mnofu wonse wagwera m'mbale uli ngati gaga woyera. Amathirapo madzi ofunda n'kufinya ndi manja pasefa. Madzi oyamba kutuluka amakhala okhuthala ngati phala la mwana. Amenewo amawaika padera kuti athire pomaliza. Akathiranso madzi n'kufinya kachiwiri, kachitatu, amatuluka mkaka wopyapyala umene amaphikira mpunga kapena masamba.

Chigwada amachisinja mumtondo n'kuchiphika nthawi yaitali ndi nsinjiro pamodzi ndi mkaka umenewu, n'kukhala ndiwo zimene dziko lonse la Mozambique limazitcha matapa. Nkhuku yowotcha ya ku Zambézia, yotchuka mpaka ku Maputo ndi Lisbon, amaipaka mkaka womwewu ili pamakala. Koma chimene ine ndinachikonda ndi mucapata: mpunga ndi mphodza zochotsa makoko, zophikidwa pamodzi ndi mkaka wa kokonati mpaka zonse zitaphwanyika n'kulimba ngati nsima yofewa. Mulibe nyama, mulibe mafuta a m'botolo, koma mbale imodzi imakusungani tsiku lonse.

Mayi wa pamene ndinafikira, amene anakulira ku Milange ndipo Chichewa amachilankhula ngati ine ndemwe, anandionetsanso mmene amatengera mafuta. Mkaka wokhuthala uja amauwiritsa pamoto wochepa mpaka madzi onse atauma, zotsalira zafiirira pansi pa mphika, mafuta ayandama pamwamba ali mbee. Anandiuza kuti iwo mafutawa sawaphikira kawirikawiri. Ambiri amathera kumutu kwa ana ndi pakhungu, ndipo ndiwo zimafuna mkaka.

M'botolo lawo mafutawo anali amadzimadzi ngati madzi akumwa. Amene anagulapo mafuta omwewa m'sitolo ku Lilongwe kapena ku Dedza m'mwezi wa June akudziwa kuti kumeneko amachita kuwakumba ndi supuni. Mafuta a kokonati amaundana kutentha kukatsika pansi pa madigiri 24, pamene a mpendadzuwa ndi a soya amakhalabe amadzi ngakhale kuzizire. Pa kusiyana kumeneku ndi pamene pagona nkhani yonse ya magazi athu.

Mafuta oundana ndi chiwindi

Mafuta amene amaundana msanga amakhala ndi gawo lalikulu la mtundu umene madokotala amautcha saturated fat. Tiyeni tingowatcha mafuta oundana. M'magalamu 100 a mafuta a kokonati, pafupifupi 82 ndi oundana. M'mafuta a batala ndi 63, m'mafuta a ng'ombe ndi 50. M'mafuta a mtedza ndi pafupifupi 17, a soya 16, ndipo a mpendadzuwa sapitirira 11 kwenikweni. Ambiri zimawavuta kukhulupirira kuti chipatso cha mumtengo chingapose batala, koma ndi mmene zilili.

Pa mabotolo ena amalembapo kuti mulibe cholesterol, ndipo sanama. Mafuta ochokera ku zomera sakhala ndi cholesterol yoti n'kuiwerengera. Kungoti cholesterol yambiri imene ili m'magazi mwanu simunaidye. Thupi lanu, makamaka chiwindi, limaipanga lokha chifukwa limaifuna pomanga maselo, popanga ndulu ndi mahomoni ena. Poti mafuta sasungunuka m'madzi, cholesterol imayenda m'magazi itakwera timatumba ting'onoting'ono. Timatumba totchedwa LDL timaitenga kupita nayo m'thupi monse, ndipo tikachuluka timalowerera m'khoma la mitsempha n'kuunjikana mmenemo zaka ndi zaka, mpaka njira ya magazi itachepa kapena kutsekeka. Kukatsekeka kumtima munthu amagwa mwadzidzidzi. Kukatsekeka kuubongo amafa ziwalo. Timatumba tina, totchedwa HDL, timatola cholesterol yotsala n'kuibweza kuchiwindi.

Chiwindi chili ndi tizitseko tokokera LDL kuichotsa m'magazi. Munthu akamadya mafuta oundana ambiri, tizitsekoti timachepa, ndipo LDL imakhalitsa m'magazi. Akasintha n'kumadya mafuta a mtedza, soya kapena mpendadzuwa, timachulukanso. Zonsezi zimachitika mwakachetechete. Cholesterol yokwera sipweteketsa mutu, sichititsa chizungulire, ndipo munthu wowonda akhoza kukhala nayo. Imadziwika poyezetsa magazi basi.

Ofufuza ayesa mafuta a kokonati pa anthu kambirimbiri. Mu 2020 akatswiri a ku National University of Singapore anasonkhanitsa mayesero 16 otere n'kufalitsa zimene anapeza m'magazini ya zamtima yotchedwa Circulation. Poyerekeza ndi mafuta a zomera monga a soya, a olivi ndi ena otero, mafuta a kokonati anakweza LDL ndi mamiligalamu pafupifupi 10 pa desilita iliyonse ya magazi, ndipo anakwezanso HDL ndi mamiligalamu 4. Sanapeze kuti amachepetsa thupi kapena kutsitsa shuga kuposa mafuta enawo. Zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu 2017, bungwe la American Heart Association linali litalangiza kale anthu kuti asamaphikire mafutawa, pa chifukwa chomwechi cha LDL.

Okonda kokonati amaloza pa HDL, ndipo n'zoona kuti imakwera. Amalozanso pa kafukufuku wa ku University of Cambridge wa mu 2018, pamene anthu pafupifupi 90 a zaka zapakati pa 50 ndi 75 anagawidwa m'magulu atatu n'kumadya magalamu 50 a batala, a mafuta a olivi kapena a kokonati tsiku lililonse kwa milungu inayi. Batala anakweza LDL, koma kokonati sanasiyane kwenikweni ndi olivi. Kafukufukuyu ndi weniweni ndipo sitiyenera kumubisa. Koma ndi mmodzi, wa mwezi umodzi, ndipo akaikidwa pamodzi ndi anzake sikelo imapendekerabe mbali ina ija. Za HDL nazo zinakhumudwitsa madokotala: mankhwala angapo amene anapangidwa kuti aikweze anaikwezadi, koma matenda a mtima sanachepe monga ankayembekezera. Pamene kutsitsa LDL, kaya ndi chakudya kaya ndi mankhwala, kwaonetsa mobwerezabwereza kuti kumapulumutsa anthu.

Nanga odya kokonati moyo wawo wonse?

Funso limeneli limabwera lokha ukakhala pakhonde ku Quelimane n'kumaona agogo akudutsa atasenza mtolo wa nkhuni, msana uli chilili, chikhalirecho kuyambira ali mwana sanadyepo ndiwo zopanda kokonati. Dokotala wina wa ku New Zealand, Ian Prior, analifunsa funso lomweli kutsidya lina la dziko. Pakati pa nyanja ya Pacific pali tizilumba titatu ta Tokelau, Atafu, Nukunonu ndi Fakaofo, kumene kulibe bwalo la ndege ndipo munthu amafikako pasitima yochokera ku Samoa atayenda kuposa tsiku lathunthu. Palinso chilumba cha Pukapuka, cha m'gulu la Cook Islands. Zimene Prior ndi anzake anafalitsa mu 1981 zinaonetsa kuti anthu a ku Tokelau ankapeza magawo 63 pa 100 alionse a mphamvu ya chakudya chawo kuchokera ku kokonati, ndipo a ku Pukapuka magawo 34. Matenda a mtima anali osowa konseko.

Amalonda amakonda kuimira pamenepa. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti a ku Tokelau, odya kokonati wambiri aja, anali ndi cholesterol yokwera ndi mamiligalamu 35 mpaka 40 kuposa anzawo a ku Pukapuka. Ndiye kuti ngakhale kumeneko kokonati ankachita zomwe amachita kwina kulikonse. Chimene chinkawateteza chiyenera kuti chinali moyo wawo wonse: nsomba tsiku lililonse, zipatso ndi mizu, shuga ndi ufa woyera wochepa kwambiri, ntchito ya kupalasa bwato ndi kukwera mitengo. Ndiponso ankadya mnofu ndi mkaka wake. M'magalamu 100 a mnofu wa kokonati wauwisi, mafuta ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo muli magalamu 9 a zinthu zonga gaga zimene zimathandiza m'mimba. Mafuta oyengedwa alibe chilichonse mwa zimenezo. Namondwe atasakaza zilumbazi mu 1966, anthu ambiri a ku Tokelau anasamukira ku New Zealand, ndipo Prior anawatsatira zaka zambiri. Atayamba moyo wa buledi, shuga, nyama ndi zam'zitini, matupi anakula, BP inakwera, ndipo matenda a shuga anachuluka.

Agogo a nkhuni aja ali mbali ya Tokelau wakale. Amalima mpunga m'matope ofika m'maondo, amayenda pansi, chakudya chawo ndi masamba, nyemba, chinangwa ndi nsomba, ndipo masiku ena sichikwanira n'komwe. Bambo wa ku Area 47 amene amachoka pakama kupita pampando wa galimoto, kuchoka pamenepo kupita pampando wa mu ofesi, n'kumamwa supuni ziwiri za mafuta a kokonati m'mawa uliwonse chifukwa cha uthenga umene analandira pa WhatsApp, akukhala moyo wina kotheratu ngakhale dzina la chipatso ndi limodzi.

Mbiri yoti mafutawa amasungunula mimba ili ndi kumene inachokera. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Marie-Pierre St-Onge ndi anzake anaonetsa kuti mafuta ena otchedwa MCT amapsa msanga m'thupi m'malo mosungidwa. Koma iwo ankagwiritsa ntchito mafuta opangidwa mwapadera, a MCT yekhayekha. M'mafuta a kokonati wamba, mtundu umenewo sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu. Pafupifupi theka la mafutawa ndi mtundu wina wotchedwa lauric acid, umene mbali yake yaikulu thupi limaiyendetsa monga limachitira ndi mafuta oundana ena onse. Uthenga unafalikira utasiya mfundo imeneyi panjira. Pofika 2016, nyuzipepala ya New York Times itafunsa anthu ku America, 72 pa 100 alionse ankati mafuta a kokonati ndi chakudya chopatsa thanzi, pamene mwa akatswiri a zakudya ovomereza anali 37 okha.

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mafuta oundana asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya. Kwa wamkulu wodya makalori 2,000 patsiku, amenewo ndi magalamu 22. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta a kokonati ili ndi magalamu pafupifupi 12. Supuni ziwiri za bambo uja zatha kale muyeso wa tsiku lonse, asanadye mandasi, asanathire mkaka mutiyi. Ndipo kwathu kuno si koti tingaseweretse mitsempha: kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi akuluakulu atatu alionse, mmodzi ali ndi BP yokwera.

Ine ndikuona kuti mayi wa ku Quelimane uja anaigawa bwino ntchito. Mkaka upite mumphika, mafuta apite pakhungu, pamene amathandizadi khungu louma ndi losweka. Mpunga wa kokonati pa tsiku la alendo sungamuvulaze munthu wathanzi, ndipo amene akufuna kukoma kwake popanda mafuta ambiri akhoza kuphikira mkaka wofinya kachiwiri, wokhuthala uja n'kungodonthezapo pang'ono pomaliza. Koma amene anauzidwa kuchipatala kuti cholesterol yake ndi yokwera, amene ali ndi shuga kapena BP, kapena amene bambo ake kapena mchimwene wake anagwa ndi mtima asanakalambe, asasandutse mafutawa kukhala ophikira a tsiku ndi tsiku, ndipo asasiye mankhwala a dokotala chifukwa cha botolo lililonse. Chimene chimandiseketsa n'chakuti timalipira ndalama zambiri pa kabotolo kochokera kutsidya la nyanja, pamene nsinjiro zimene agogo athu amathira mu nkhwani zili ndi mafuta a mtundu umene umatsitsa LDL, ndipo nyemba, nandolo ndi mgaiwa zimathandiza ntchito yomweyo.

Ku Zalala, pamtunda wa makilomita oposa 30 kuchokera mumzinda, msewu umathera pamchenga. Gombe ndi lalitali moti mapeto ake saoneka, ndipo asodzi amakoka makoka awo m'magulu, akuimba. Anyamata amagulitsa kokonati wanthete, wobiriwira, amene kuno amamutcha lanho. Amasenga pamwamba ndi chikwanje katatu kapena kanayi, n'kukupatsani kuti mumwe. Madzi amenewo ndi osiyana ndi mkaka uja. Mafuta mulibemo, amangokhala ozizirira ndi otsekemera pang'ono. Mukamaliza, mnyamatayo amaswa chipatsocho pakati, amasema kachidutswa ka khoko kukhala supuni, ndipo mumakomba nako mnofu wofewa ngati phala umene sunayambe kukhwima.